CHENJEZO: Mankhwala otsuka m'mimba si akumwa tsiku ndi tsiku

Ngati simuthanso kuchita chimbudzi popanda kumwa kaye mapiritsi kapena tiyi wotsuka m'mimba, chenjezoli ndi lanu. Pitani mukaonane ndi dokotala sabata ino.

Mankhwala monga senna ndi bisacodyl, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina la Dulcolax, amagwira ntchito pokakamiza matumbo kufinya ndi kutulutsa zonse. Anapangidwa kuti azimwedwa masiku ochepa chabe, pokhapokha dokotala atanena zina. Munthu akazolowera kuwamwa mopitirira muyezo, madzi amatha m'thupi pamodzi ndi mchere wa potaziyamu, umene mtima ndi minofu zimadalira. Zotsatira zake ndi kufooka, kukokana kwa minofu, mtima kugunda mosalongosoka, ndiponso kudzimbidwa komweko kumene amathawa. Akaona choncho amawonjezera mapiritsi, vuto n'kumakula.

Samalaninso ndi tiyi amene amagulitsidwa kuti ndi wochepetsa thupi, poti wambiri amakhala ndi senna. Amachotsa madzi, mafuta sakhudzidwa. M'chaka cha 2020 bungwe loona za mankhwala ku Britain, la MHRA, linalamula kuti mapaketi a mankhwala otere ogulitsidwa m'masitolo achepetsedwe kukula ndipo azilembedwa kuti sachepetsa thupi.

Pobwezeretsa matumbo m'chimake, ma probiotics akhoza kuthandizako. Awa ndi mabakiteriya amoyo abwino omwe amapezeka mu yogati wina, mu mkaka wosasa monga chambiko, ndi m'makapisozi a ku famase. Akafika m'matumbo amagaya zotsalira za chakudya n'kutulutsa timadzi ta asidi tomwe timathandiza matumbo kuyenda. Mu 2014 akatswiri a pa King's College London anaunika kafukufuku 14 wa akuluakulu odzimbidwa. Anapeza kuti ma probiotics anafupikitsa ndi maola pafupifupi 12 nthawi imene chakudya chimatenga podutsa m'matumbo, ndipo anthu ankapita kuchimbudzi kamodzi kowonjezera pa sabata. Mtundu wa Bifidobacterium lactis ndi umene unachita bwino. Thandizo la ma probiotics ndi lochepa ndipo limabwera pakapita masabata, choncho musayembekeze zozizwitsa usiku umodzi. Amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika kwambiri, monga olandira mankhwala a khansa, afunse kaye kuchipatala asanagule makapisozi.

Chitani izi:

Musasiye mankhwalawo mwadzidzidzi ngati mwawamwa miyezi yambiri. Dokotala akuthandizeni kuwachepetsa pang'onopang'ono.

M'malo mwa ufa woyera, gwiritsani ntchito mgaiwa. Idyani nyemba, nkhwani, bonongwe, mapapaya ndi mango, poti mabakiteriya abwinowo amadya zimenezi.

Imwani madzi okwanira, yendani tsiku lililonse, ndipo chimbudzi chikakupezani musachigwire.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mimba yatupa ndi kuwawa kwambiri, mukusanza, kapena mpweya womwe sukutuluka. Kupotokola kwa matumbo ndi vuto limene madokotala ochita opaleshoni kuno ku Malawi amakumana nalo kawirikawiri, ndipo kumwa mankhwala otsuka m'mimba pa nthawi yotero kukhoza kupha. Magazi m'chimbudzi, kuwonda popanda chifukwa, kapena kudzimbidwa kongoyamba kumene mwa munthu wachikulire nazonso zimafunika kupimidwa msanga.

Uzani abale ndi anansi, makamaka atsikana omwa tiyi wochepetsa thupi ndi agogo omwe amasunga mapiritsiwa kuchipinda. Musachite manyazi kufotokozera dokotala mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, a zitsamba omwe.