Zodzoladzola za pa kanema zimasambika, mafuta oyeretsa khungu sasambika

Pafupifupi nkhope iliyonse imene timaiona pa wailesi ya kanema imakhala yokonzedwa. Wowerenga nkhani, wochita sewero mu Uzalo kapena Scandal!, mtsikana wolira mu filimu yachimwenye pa Zee World, onsewa amayamba akhala pampando wa katswiri wa zodzoladzola asanaime pamaso pa kamera. Ntchito ndi imene imafuna zimenezi. Magetsi a mu situdiyo amatulutsa thukuta ndi kunyezimiritsa chipumi, ndipo kamera za masiku ano sizibisa ngakhale kachiphuphu, n'chifukwa chake amuna nawonso amaphodedwa. Phoda ya Pan-Cake ya kampani ya Max Factor inapangidwa m'zaka za m'ma 1930 kaamba ka ochita mafilimu ku Hollywood, kenaka inafika m'masitolo. Mpaka lero zinthu zimayenda choncho. Sewero la Euphoria litayamba pa HBO mu 2019, atsikana m'maiko ambiri anayamba kumata timiyala tonyezimira m'zikope, ndipo Doniella Davy, amene ankakongoletsa ochita sewerolo, anatsegula kampani yake ya Half Magic mu 2022.

Pa zonsezi sindikuonapo choipa. Makolo athu ankatema mphini kumaso pofuna kukongola, ndipo mtsikana wotengera kapakidwe ka milomo ka pa kanema amasamba madzulo n'kutsala ndi nkhope yake yomwe. Chodetsa nkhawa n'chakuti kanema imaphunzitsanso mtundu wa khungu loyenera kukondedwa. M'masewero ambiri achimwenye, ngakhalenso m'mafilimu ena a ku Nigeria, mkazi amene amuna amamulimbirana amakhala woyera, pamene wakuda amapatsidwa mbali ya wantchito kapena wanjiru. Ku India komweko, kampani ya Unilever inasintha dzina la mafuta a Fair & Lovely mu 2020 kukhala Glow & Lovely anthu atadandaula kuti dzinalo linkanyozetsa khungu lakuda. Nazonso zipangizo zinali ndi tsankho lake. Kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkayesera mitundu ya zithunzi pa chithunzi cha mkazi wachizungu, ndipo maziko odzola kumaso oyenerana ndi khungu lakuda kwambiri ankasowa moti Rihanna atatulutsa mitundu 40 mu Fenty Beauty mu 2017, inali nkhani yaikulu. Wochita sewero wakuda ankapakidwa phoda yoyererapo kuti kamera imuone, woonera n'kumaganiza kuti kukongola n'kumeneko.

Wofuna kufanana ndi nkhope yotereyi sapita kukagula magetsi a situdiyo. Amapita kumsika kukagula mafuta oyeretsa khungu, amene ambiri mwa iwo amakhala ndi hydroquinone, mercury, kapena mankhwala amphamvu a steroid ofunika kulemberedwa ndi dokotala. Hydroquinone akaidzola nthawi yaitali imasiya zigamba zakuda bii m'masaya, zovuta kuchiza. Steroid amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, zilonda osapola msanga. Mercury imawononga impso ndi ubongo, ndipo imafika kwa mwana amene ali m'mimba. South Africa inaletsa hydroquinone mu zodzoladzola mu 1990, Côte d'Ivoire inaletsa mafuta otere mu 2015, Rwanda inayamba kuwalanda m'masitolo mu 2018. Maboma saletsa lipisitiki. Amaletsa chinthu chimene chadwalitsa anthu.

Ena anena kuti ndikunamizira kanema, pakuti amayi ankadzola mafuta oyeretsa a Ambi kalekale wailesi ya kanema ya TVM isanatsegulidwe mu 1999. N'zoona, muzu wake ndi nthawi ya atsamunda, pamene kuyera khungu kunkayendera limodzi ndi ntchito yabwino ndi ulemu. Koma kukhala kuti matenda anayamba kale sikuchotsa mlandu kwa amene akuwafalitsa lero, ndipo kanema imalowa m'nyumba madzulo alionse, kuonedwa ndi ana amene sanaone mtsamunda. Enanso anena kuti thupi ndi la mwini wake. Ndikuvomera, ndipo kuseka mayi kuti ali ndi nkhope ya Fanta ndi miyendo ya Coca-Cola ndi nkhanza zimene sizinachiritsepo munthu. Komabe kusankha kwenikweni kumafuna kuti munthu adziwe zimene zili m'botolo, komanso kuti aone kuti khungu lakelo lingakhale la mkazi wokondedwa mu sewero. Zonse ziwirizi ambiri sanapatsidwe.

Choncho udindo waukulu uli kwa okonza mapologalamu ndi mavidiyo a nyimbo kwathu kuno. Kujambula bwino khungu lakuda ndi luso lophunzirika. Sewero la Insecure la Issa Rae, limene linayamba mu 2016, linatchuka ndi kaunikidwe kake koonetsa khungu lakuda likuwala mwachibadwa, popanda kuliyeretsa. Wochita mafilimu Lupita Nyong'o ananena poyera mu 2014 kuti ali mwana ankapemphera kuti ayere, mpaka ataona Alek Wek wa ku South Sudan akutamandidwa ali wakuda choncho. Wailesi zathu za kanema zingathe kugula maziko odzola kumaso a mitundu yonse ya khungu, kuphunzitsa ounikira, kusankha osewera motengera luso, ndi kukana malonda a mafuta oyeretsa ngakhale atabwera ndi ndalama zambiri.