Woweruza asamadziweruze yekha

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga pa nkhani ya oweruza milandu amene apemphedwa kuti achoke pa mlandu chifukwa chokayikiridwa kuti akondera.

Kumudzi tonse tikudziŵa kuti mfumu siweruza mlandu wa mkamwini wake. Imauza nduna kapena mfumu inzake kuti ikhale pabwalo. Ngakhale mfumuyo ikhale yoona mtima chotani, wogonja sangakhutire.

Bungwe la United Nations lili ndi mabwalo akeake oweruza madandaulo a antchito ake, chifukwa munthu wolembedwa ntchito ndi bungweli sangalisumire kukhoti la dziko lake. Mabwalo aŵiriŵa adayamba ntchito mu 2009. Loyamba, la Dispute Tribunal, limakhala ku New York, Geneva ndi Nairobi, ndipo la apilo lili ndi oweruza 7. Nkhaniyi si yakutali ayi. Ana athu ena amagwira ntchito ku UNICEF, ndipo mu 2019 mayi wathu Rachel Sophie Sikwese, amene adatsogolerapo khoti lathu la Industrial Relations Court, adasankhidwa kukhala woweruza pa bwalo loyambalo.

Malamulo aŵiri a kumeneko ndi ofunika kuwaona. Loyamba: wodandaula akapempha kuti woweruza achoke, amene amagamula pempholo ndi pulezidenti wa bwalolo, osati wodandaulidwayo. Lachiŵiri: mlandu uli mkati, suloledwa kuthamangira ku apilo pa kachigamulo kalikonse. Apilo yotere imamvedwa makamaka pamene zaonekeratu kuti woweruza wapyola malire a mphamvu zake. Madandaulo ena onse amadikira chigamulo chomaliza.

Kuno kwathu, pempho lotere limapita kwa woweruza yemweyo. Tidaziona mu 2021 pamene a Thom Mpinganjira adapempha mayi Dorothy DeGabriele kuti achoke pa mlandu wawo, ndipo mayiwo adakana okha. Sindikunena kuti adalakwa. Koma kodi munthu wamba akamva kuti wokayikiridwa wadziyeretsa yekha, mtima wake ungakhale pansi?

Mbali inayo nayo ndi yoŵaŵa. Olemba ntchito ena a ndalama zambiri amakonda kuimitsa mlandu ndi timapempho ndi timaapilo, podziŵa kuti wosauka atopa. Taganizani za mlonda wa kuno ku Likoma amene wachotsedwa ntchito popanda chifukwa. Khoti la antchito lapafupi lili ku Mzuzu. Adikire tsiku la Ilala, atsikire ku Nkhata Bay, akwere basi, alipire pogona, kenaka auzidwe kuti mlandu waimitsidwa. Ulendo wachitatu sapitanso, ndipo ana ake asiya sukulu. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma mwini mlandu amakalamba ndi kufa.

Choncho ndikupempha aphungu athu ndi akuluakulu a makhoti kuti atengereko nzeru ziŵirizi pamodzi. Pempho loti woweruza achoke lizimvedwa msanga ndi woweruza wina, ndipo apilo ya pakati pa mlandu iziloledwa pa zifukwa zazikulu zokha. Kutenga imodzi n'kusiya inzake sikungathandize: wosauka afunika woweruza wosakondera komanso chigamulo chofika iye akali moyo.

Kwa abusa ndi ansembe amene mumakhala pa mabwalo a mpingo, funso ndi lomweli: wodandaulidwa akakhala mbale wanu, mumapatsa ndani mpando?

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Yofu, Likoma.