Mbiri ya Aluya Inenedwe Yonse

Maiko a Aluya masiku ano akumanga midzi ya chikhalidwe m'mbali mwa nyanja. Ku Doha, m'dziko la Qatar, mudzi wa Katara udatsekulidwa m'chaka cha 2010, ndipo muli mabwalo a zisudzo, nyumba zoonetsera zojambula ndi mizikiti. Ifenso Amalaŵi tili nalo doko loyenera ntchito yotere, ndilo Nkhotakota. Koma ife a ku Mulanje tikuti pomanga malowo mbiri inenedwe yonse.

Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Iye ndi anthu ake adadza ndi zombo zamatanga ndi chipembedzo cha Chisilamu, nakulitsa ulimi wa mpunga umene ukudyetsa mabanja kufikira lero. Izi nzoyenera kuzisunga ndi kuziyamika. Komatu zombo zomwezo zinkaolotsa makolo athu ogwidwa ukapolo, ulendo wa ku Kilwa, kumene sadabwereko.

Kuno kwathu chipsera cha malondawo chikadalipo. Mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese udali njira ya akapolo, ndipo linga la Fort Lister lidamangidwa pamenepo m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njirayo. Lero lingalo, limene tsopano lili m'boma la Phalombe, ndi bwinja. Kodi ana athu a sukulu angati adaliona?

Ena adzati kukumba zakale kungagaŵanitse mtundu. Iyayi. Mlanduwu si wa chipembedzo kapena fuko limodzi, pakuti ogula adali alendo koma ena mwa ogulitsa adali mafumu athu omwe. Umodzi umalimba pamene anthu adziŵa zoona. Tsono pa doko la Nkhotakota pamveke sikiri ndipo amisiri akhomepo zombo, koma goli nalo liikidwe poonekera.

Popeza phiri la Mulanje lidalembedwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 2025 monga chuma cha dziko lonse lapansi, mlendo wokwera phirili aonetsedwenso lingalo, kenaka alozeredwe njira ya ku nyanja. Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi ogwira ntchito za Boma, ayambe msanga kulemba zimene okalamba adamva kwa makolo awo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo sadzakhala nafe mpaka kalekale.