Pakhomo Pathu: Miyala Yoyera ya m'Ketulo

Mwezi wathawu tinacezera banja lina ku Chilanga, ndipo tinapeza amai a pakhomopo akupala ketulo yamagetsi ndi mpeni. Pansi pake panali poyera ngati pothiridwa njereza. Iyi inali ketulo yaciwiri. Yoyamba itapsa, mlandu unagwera mwana wamkazi, amene anamunena kuti sadziwa kutsuka ziwiya. Mwanayo sanalakwe konse. Mlandu unali wa madzi.

Mzinda wa Lusaka ndi madera ouzungulira ali pa thanthwe la laimu, mwala womwewo umene amaocha popanga simenti ku Chilanga. Madzi a m'zitsime zakuya akamadutsa m'ming'alu ya mwalawu amasungunula kalisiyamu ndi maginiziyamu. M'kapu siziwoneka. Koma madziwo akawira, zimapatuka, zimakhala pansi, ndi kuuma ngati cigamba. Cigambaco cimatsekereza kutentha: madzi amacedwa kuwira, magetsi kapena makala amatha ambiri, ndipo potsiriza citsulo cotenthetsa cimapsa. Ndi madzi omwewa amene amamana sopo thovu, amaumitsa matawulo, ndiponso amacedwetsa nyemba kupsa.

Mpeni tiusiye, cifukwa umangowononga ketulo. Cimene cimasungunula laimu ndi cinthu cowawasa. Tithire viniga woyera ndi madzi mofanana mpaka cigamba conse camira, tiwiritse, ndipo tisiye kwa ola limodzi. Tikaona tithovu tikukwera tisadabwe: ndi mwala ukusungunuka. Amene ali ndi mtengo wa mandimu paseli pa nyumba safunika kugula kanthu, pakuti madzi a mandimu atatu kapena anai amagwira nchito yomweyo, ndipo fungo lake ndi labwinoko. Tikatero titsukuluze, tiwiritsemo madzi oyera kamodzi ndi kuwataya, kuopa kuti abambo angamwe tiyi wowawasa. Kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Pompi yotsekeka tiikulunge ndi kansalu koviika m'viniga usiku wonse. Mvula ikagwa titunge madzi ake ocapira, cifukwa alibe laimu ndipo sadya sopo.

Viniga tisamusakanize ndi Jik ngakhale pang'ono, pakuti zimatulutsa mpweya wa poizoni. Asidi wa m'batire, amene ena amamutama, asayandikire ciwiya codyera.

Cimene cinatidetsa nkhawa koposa ndi ici. Amai aja anatiuza kuti analeka kuwiritsa madzi akumwa, poopa tizidutswa toyera timene timayandama. Tizidutswato sitidwalitsa munthu. Tingasefedwe ndi nsalu yoyera. Coopsa ndi cimene maso saona. Ming'alu yomweyo ya mwala imatenganso zonyansa za m'zimbudzi ndi kuzifikitsa ku zitsime, ndipo kolera wa mu 2017 mpaka 2018, ndi wa mu 2023 mpaka 2024, anasiya maliro m'makomboni ambiri a Lusaka. Tinacoka pakhomopo ketulo ili pa moto, mwana uja akufinya mandimu.