Mwana wathu akunenepa: nanga dzuwa akuliona?

Mwana akamanenepa ambirife timanyadira. Masaya akatuluka, azakhali amati "koma mwanayu akusamalidwa," ndipo ife makolo timaona ngati thukuta lathu likuoneka. Mposomveka. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 pa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu kuno ku Malawi anali opinimbira, ndiye mantha athu amakhala pa kuwonda. Koma kafukufuku yemweyo adapezanso kuti ana 5 pa 100 aliwonse anali olemera kupitirira muyeso, ndipo amene amayenda m'mawa m'misewu ya ku Soche East, Chimwankhunda kapena Kanjedza amawaona ana oterewa akudikira minibasi ya sukulu. Mwezi uno tikambirane chinthu chimodzi chimene thupi lonenepa limatha kubisa: kuchepa kwa vitamini D.

Vitamini ameneyu ndi wosiyana ndi anzake. Wambiri sitimupeza m'mbale. Khungu lathu ndi limene limamupanga likaombedwa ndi dzuwa, kenako chiwindi ndi impso zimamukonza kuti agwire ntchito. Ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza matumbo kuyamwa kashiyamu, mchere umene umalimbitsa mafupa ndi mano. Akasowa kwambiri mwa mwana amene akukula, mafupa amafewa: miyendo imachita matewe, mafupa a pamfundo za manja amakula ngati atupa, liwombo limachedwa kutseka, mano amachedwa kumera, mwana amachedwa kuyenda. Mwa ana okulirapo zizindikiro sizioneka msanga. Mwina mwana amangodandaula kuti miyendo ikuwawa, kapena amatopa msanga.

Munthu angafunse kuti zimenezi zikutikhudza bwanji ife a ku Blantyre, kumene mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Mu 2020, Reagan Mogire wa ku Kenya ndi anzake adaphatikiza zotsatira za kafukufuku wochokera m'maiko ambiri a mu Africa n'kuzifalitsa m'magazini ya The Lancet Global Health. Adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse anali ndi vitamini D wochepa m'magazi, ndipo vutoli linali lalikulu m'mizinda kuposa kumidzi. Dzuwa lilipo, koma khungu liyenera kukumana nalo. Khungu lakuda ngati lathu limafunanso nthawi yotalikirapo padzuwa kuti lipange vitamini wofanana ndi amene khungu loyera limapanga m'kanthawi kochepa.

Tsono taganizirani tsiku la mwana wa m'tauni. Amatuluka m'nyumba dzuwa lisanakwere, wavala juzi ndi masokosi ofika m'mawondo. Amakhala m'minibasi, kenako m'kalasi. Akaweruka pali maphunziro apadera a masana, pali homuweki, pali TV ndi foni, ndipo geti ndi lokiya chifukwa tikuopa magalimoto ndi anthu oipa. Kuwala kolowera pawindo lotseka sikuthandiza, chifukwa galasi limatsekereza cheza chimene khungu limafuna. Ikafika Juni ndi Julaye, chiperoni chikaphimba phiri la Soche, masiku amatha mwana asanaombedwe ndi dzuwa ngakhale pamkono. Mnzake wa kumudzi, ngakhale alibe nsapato, waswera panja.

Nanga kulemera kukubwera pati? Vitamini D amasungunuka m'mafuta, osati m'madzi. Thupi likakhala ndi mafuta ambiri, vitaminiyu amakakhala m'mafutamo, ndipo woyenda m'magazi amachepa. Mu 2000, akatswiri ena ku America, mmodzi mwa iwo Michael Holick, adaunikira anthu onenepa ndi osanenepa kuwala kofanana; mwa onenepawo vitamini D adakwera m'magazi ndi mlingo wosafika theka la mmene adakwerera mwa anzawo. Mu 2013, magazini ya Pediatrics idafalitsa za ana a ku America a zaka 6 mpaka 18: mwa ana olemera bwino, 21 pa 100 anali ndi vitamini D wochepa, mwa onenepa kwambiri anali 34 pa 100, mwa onenepa mopitirira anali 49 pa 100. Awo ndi ana a dziko lina, a nyengo ina, ndipo manambalawo sitingawakokere ku Zingwangwa. Koma thupi limagwira ntchito mofanana kulikonse.

Apa tichenjezane, chifukwa pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda otsatsa amene amati mankhwala a vitamini D amachepetsa thupi. Kafukufuku wamkulu wa 2013 wa anthu oposa 42,000, amene adayang'ana chibadwa chawo, adaonetsa kuti kunenepa ndi kumene kumatsitsa vitamini D. Umboni woti kuchepa kwa vitaminiyu kumanenepetsa sunaoneke kwenikweni. Kugulira mwana botolo la mapiritsi n'kumusiya pampando pomwepo ndi tchipisi ndi zakumwa zotsekemera n'kutaya ndalama. Choopsa china n'chakuti popeza vitaminiyu amasungika m'thupi, akachuluka amakweza kashiyamu m'magazi mpaka kuwononga impso. Mlingo umene akatswiri a ku America adakhazikitsa mu 2011 ndi 400 IU patsiku kwa khanda losakwana chaka, ndi 600 IU kwa mwana woposa apo. Mapiritsi ena a m'mafamase ali ndi masauzande ambiri pa piritsi limodzi. Amenewo ndi a dokotala kulemba, osati a mnansi kutiuza.

Chosangalatsa n'chakuti chimene chimathandiza kulemera chimathandizanso vitaminiyu. Bungwe la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamangathamanga kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Ola limenelo likachitikira panja, manja ndi miyendo zili poyera, tachita ziwiri nthawi imodzi. Fulaye, jingo, mpira wachikulunga, chibisalirano: palibe chofuna ndalama. Dzuwa la mbandakucha ndi lokoma koma ndi lofooka pa ntchito imeneyi. Limene limagwira ndi la pamene lakwerako, ngati pa nthawi ya buleki kusukulu. Aphunzitsi amene amatsekera ana m'kalasi pa buleki kuti amalize kulemba manotsi aganizirepo bwino. Ifenso a Adiventi tilibe chowiringula. Buku la The Ministry of Healing la Ellen White, la mu 1905, lidaika kuwala kwa dzuwa pa mndandanda wa mankhwala achilengedwe vitamini D asanadziwike n'komwe, komabe Sabata zambiri ana athu amaswera m'tchalitchi kuyambira Sukulu ya Sabata mpaka kutseka Sabata. Atsogoleri a ma Adventurer ndi ma Pathfinder, phunziro la masana likhoza kuchitikira panja.

Pali ana awiri amene malangizowa sakuwakhudza chimodzimodzi. Mwana wachialubino ayenera kutetezedwa ku dzuwa ndi chipewa, zovala zazitali ndi mafuta ake a pakhungu, chifukwa khansa ya pakhungu ndi yoopsa kwa iye. Za vitamini D wake tikambirane ndi achipatala. Khanda losakwana miyezi 6 nalonso silofunika kuliyanika padzuwa lamphamvu. Mkaka wa m'mawere uli ndi vitamini D wochepa, koma chimenecho si chifukwa chosiyira kuyamwitsa mwakathithi. Mayi azipezeka padzuwa ali woyembekezera ndi pamene akuyamwitsa, ndipo ngati khanda lidabadwa masiku asanakwane, afunse kusikelo za mankhwala odontheza.

M'mbale, vitamini D amapezeka mu nsomba zamafuta zokhala ndi mamba, monga karapao amene timagula ku msika wa Limbe, mu chikasu cha dzira, ndi m'majarini ena amene adathiramo vitaminiyu, tiziwerenga papaketi. Shuga wathu adathiramo vitamini A, osati D, ndiye tisanamizire thanzi pothira masipuni anayi m'phala. Kwa mabanja amene sadya zanyama, bowa woyanikidwa padzuwa amapanga mtundu wina wa vitamini D, kotero bowa wofutsa wa agogo aja ndi wa mtengo wapatali kuposa mmene timamuonera.

Ndipo vitamini D payekha sangamange fupa popanda kashiyamu. Ku Jos, m'dziko la Nigeria, kumenenso dzuwa ndi lambiri, Tom Thacher ndi anzake adapeza mu 1999 kuti ana a matewe ankachira bwino akapatsidwa kashiyamu kusiyana ndi akapatsidwa vitamini D yekha. Zakudya zawo zinali zodalira chimanga, mkaka wochepa. Zikumveka ngati kwathu. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, bonongwe, mpiru, nkhwani zotendera, phala la mawere, soya, mkaka ndi chambiko: zimenezi ndi zimene zimadzaza mpatawo.

Miyendo yokhotako pang'ono mwa mwana amene wangoyamba kuyenda si yachilendo, ndipo nthawi zambiri imawongoka yokha. Ikapitirira zaka ziwiri ikukhotabe, kapena mwendo umodzi wakhota kuposa unzake, kapena mwana akumva kuwawa, tipite naye ku chipatala cha Zingwangwa kapena cha Limbe, kumene angatitumize ku Queens ngati pakufunika X-ray ndi kuyeza magazi. Buku la sikelo tisalisiye kunyumba, ndipo tipemphe kuti amuyeze msinkhu pamodzi ndi kulemera, osati kulemera kokha.