Mnyamata Akakoka Mapazi Ngati Atsibweni Ake, Musathamangire Kuloza Mfiti

Nkhani ya mwezi uno ndi ya mabanja amene mnyamata amabadwa bwinobwino, n'kumasewera mpira ngati anzake, koma akayamba kusinkhuka mapazi ake amayamba kugwa. Patapata amavuka yekha, miyendo imaonda kuyambira m'mawondo kutsika, ndipo pakapita zaka zala nazo zimalephera kusoka fodya. Mukafunsa akuluakulu amakuuzani kuti atsibweni ake ankayendanso chimodzimodzi. Apa m'pamene ambiri timanena kuti pamtundu pali wokhwima.

Ine ndikukana. Matenda otere alipo padziko lonse ndipo madokotala atatu, Charcot, Marie ndi Tooth, anawafotokoza kale m'chaka cha 1886. Minyewa yotumiza uthenga kuchokera kumsana kupita kumapazi imafooka pang'onopang'ono chifukwa cha cholakwika m'majini, malangizo aja amene mwana amatengera kwa makolo ake.

Umodzi mwa mitundu yake ukukhudza mkuwa. Inde, mkuwa womwewu wa mawaya! Thupi limaufuna wochepa kwambiri ndipo timaupeza mu nyemba, mtedza ndi chiwindi. Jini yotchedwa ATP7A ndiyo imaunyamula kuupereka kumene ukufunika. Ikawonongekeratu, khanda lalimuna limadwala matenda a Menkes: tsitsi losweka ndi lotuwa, kukomoka, thupi lolefuka, ndipo ambiri safika zaka 3. Koma mu 2010 ofufuza anapeza mabanja awiri amene jini yomweyi inangolakwika pang'ono, ndipo amuna ake ankangofooka mapazi ndi manja, nzeru zili bwinobwino. Kuvala chibangili cha mkuwa sikuthandiza, chifukwa vuto lili pa wonyamula.

Jini imeneyi mwana wamwamuna amailandira kwa mayi ake okha. Mayiyo kawirikawiri sadwala, koma pa mwana wamwamuna aliyense amene wabereka, mwayi woti atengere ndi theka. N'chifukwa chake matendawa amaoneka ngati akutsata mbumba, kuchoka kwa atsibweni kupita kwa mphwawo. Inu abambo, musagwire mawu angawa ngati chikwapu. Mkazi wanu sanasankhe jini yake, nayenso anangoilandira, mwinanso kwa bambo ake. Ndiponso mitundu yambiri ya kufooka kotengera imathanso kuchokera kuchimuna kapena mbali zonse ziwiri. Kuthetsa banja sikubweza mphamvu m'miyendo ya mwana.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti pamene tikutha miyezi ndi mbuzi kwa asing'anga, matenda ena ochizika amakhala akukula. Matenda a Wilson, obwera ndi jini ina yotchedwa ATP7B, amaunjika mkuwa m'chiwindi ndi mu ubongo. Wachinyamata amachita chikasu, amanjenjemera manja, amalankhula movutika, ndipo m'mphepete mwa diso mumatha kuoneka mkombero wofiirira. Awa amatengera kwa makolo onse awiri, ndipo mankhwala ake alipo, monga penicillamine ndi zinc, akumwa moyo wonse.

Musaiwalenso poliyo. Mu 2022 inapezeka mwa ana muno m'chigawo cha Tete, itapezekanso ku Lilongwe. Mwana wosafika zaka 15 akafooka mwendo mwadzidzidzi, m'masiku ochepa chabe, musayembekeze kuti mwina ndi za kumtundu. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayese chimbudzi chake. Kufooka kotengera kumabwera mozemba, kwa zaka.

Sindikunamizani, mankhwala ochiza kufooka kwa minyewa kotengera kulibe. Koma zothandiza zilipo: zogwiriziza phazi kuti lisagwe, masewera olimbitsa thupi amene a fizyo amaphunzitsa, nsapato zomanga zingwe m'malo mwa patapata, ndi kuyang'ana zilonda kumapazi madzulo alionse. Mnyamata wotere asasiyitsidwe sukulu. Ngati khasu lidzamukanika, cholembera ndicho chidzamudyetse.

Pempho langa likupita kwa inu eni mbumba. Musanapite kuchipatala cha ku Furancungo kapena chachikulu cha ku Tete, khalani pansi ndi agogo, mulembe pa pepala aliyense wa pamtundu amene anafookapo miyendo, zaka zimene anayamba, ngati anali mwamuna kapena mkazi, ndi makanda aamuna amene anamwalira akukomoka. Ena mumawoloka malire kukalandira chithandizo ku Malawi. Pepalalo ndi khadi la mwana muzitenge konseko, kuti dokotala wa uko asayambirenso kufunsa pachiyambi.