Utoto wa pa mlatho wa Forth: phunziro pa kasamalidwe ka katundu wa boma

M'chaka cha 2011, bungwe la Network Rail linamaliza kupaka utoto mlatho wa njanji wa Forth ku Scotland, womwe unatsegulidwa mu 1890. Ntchitoyi inatenga zaka khumi ndipo inadya mapaundi 130 miliyoni.

Ena angati ndalamazi zinapita pa kukongoletsa chabe. Koma mphepo yachinyezi ndi yamchere yochokera kunyanja imabweretsa dzimbiri lomwe limadya chitsulo. N'chifukwa chake amisiri anayamba apala utoto wakale, kenako n'kupaka watsopano katatu, woyembekezeka kukhala zaka pafupifupi 25.

Chuma chikavuta, ndalama zosamalira milatho ndizo zimayamba kudulidwa, pomwe dzimbiri silidikira bajeti. Okonza ndondomeko za chuma azikumbukira kuti utoto ndi wotchipa poyerekeza ndi kumanga mlatho wina.